Cizindikiro ca Kampani: Tanthauzo Lake kwa Ogula a ku Petauke ndi Nyimba

Cizindikiro ca kampani cimakhala ndi mbali zitatu: cithunzi, mitundu ya utoto ndi kalembedwe ka zilembo za dzina. Makampani aakulu ali ndi buku la malangizo lomwe limalamula kuti zitatuzi zizioneka cimodzimodzi pa cikwangwani, pa thumba, pa galimoto ndi pa risiti. Colinga cake n'cakuti wogula azindikire mwini katundu ali patali, ngakhale asadziwe kuwerenga.

Pa mseu wa Great East, pa Nyimba ndi pa mphambano yopita ku boma la Petauke, tinyumba totumizirako ndalama pa lamya timadziwika ndi utoto: wofiira ndi wa Airtel, wacikasu ndi wa MTN, wobiriwira ndi wa Zamtel. Mwini kampani akasintha, cizindikiro naco kawirikawiri cimasintha. Telecel inakhala MTN m'caka ca 2005. Celtel inakhala Zain mu 2008, ndipo Zain inakhala Airtel mu 2010. Nthawi zonsezi masitolo anapakidwanso utoto ndipo zikwangwani zakale zinacotsedwa, kuti anthu asasokonezeke.

Citsanzo cina ndi bungwe la COMACO, lomwe linayamba mu 2003 m'cigwa ca Luangwa ndipo limagwira nchito ndi alimi a ku Nyimba ndi Petauke. Bungweli limagula zokolola kwa alimi amene alonjeza kusiya kupha nyama zakuthengo ndi kusamala nthaka. Uci, ciponde ndi mpunga wa ku Chama zimagulitsidwa ndi dzina limodzi la It's Wild! Motero amene wakonda uci wake ku Lusaka amazindikiranso mpunga wake, ndipo msika wa mlimi umakula.

Cizindikiro cimatetezedwa ndi lamulo cikalembetsedwa ku bungwe la PACRA. M'caka ca 2023 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la zizindikiro za malonda, lolowa m'malo mwa la mu 1958. Amene walembetsa cizindikiro cake angathe kusumira aliyense wocigwiritsa nchito popanda cilolezo.

Kwa mlimi, nkhaniyi imakhudza cakudya ca caka conse. Nthawi yobzala ikafika, akathyali amapaka utoto cimanga wamba ndi kuciika m'matumba ofanana ndi a makampani a mbewu. Popeza kampani yeniyeni sisinthasintha maonekedwe a matumba ake, utoto wozilala, zilembo zokhota kapena dzina lolembedwa molakwika ndi cenjezo. Mlimi ayang'anenso cikalata ca pa thumba cosonyeza kuti mbewuyo inavomerezedwa ndi bungwe la SCCI la ku Chilanga, agule kwa wogulitsa amene ali ndi laisensi, ndipo asunge risiti ndi thumba lomwe kufikira mbewu itamera.