Billabong: bizinesi ya makabudula yomwe idayambira pa tebulo la kukhitchini

Billabong ndi dzina la zovala za m'mbali mwa nyanja. Limalembedwa pa makabudula, malaya ndi zipewa, ndipo zina mwa zovalazi zimafika kuno m'mabelo a kaunjika, m'misika ngati wa Namadzi, m'boma la Chiradzulu, pa msewu wa M3 wochokera ku Blantyre kupita ku Zomba. Liwuli ndi la ku Australia, ndipo limatanthauza dziwe lotsalira mtsinje ukasintha njira.

Bizinesiyi idayamba mu 1973 ku Gold Coast, m'chigawo cha Queensland. Gordon Merchant ankakonda masewero a surfing, omwe munthu amaima pa thabwa n'kumatsetsereka pa mafunde. Iye ndi bwenzi lake Rena ankadula ndi kusoka makabudula pa tebulo la kukhitchini, n'kumakagulitsa m'masitolo a m'deralo. Popeza mafunde amphamvu sachedwa kung'amba kabudula wamba, awiriwa ankabwereza msoko katatu. Kulimba kumeneku ndiko kudatchukitsa dzinali pakati pa osewerawo.

M'zaka za m'ma 1980, katunduyu adayamba kufika ku New Zealand, Japan, United States ndi South Africa. Kampaniyi inkadzitsatsa pothandiza osewera ndi mipikisano, kuphatikizapo wa ku Jeffreys Bay, ku South Africa. Mu 2000 idalowa pa msika wa masheya wa ku Australia, kenaka idagula makampani ena monga Element, Von Zipper, Nixon ndi RVCA, komanso masitolo ambiri.

Kukula kwa liwiroku kudabwera ndi ngongole. Malonda atatsika, mu 2013 kampaniyi idalengeza kuti yaluza ndalama zoposa 850 miliyoni za ku Australia m'chaka chimodzi. Mu 2018 idagulidwa ndi Boardriders, mwini wa Quiksilver, yomwe idali mpikisano wake wamkulu kuyambira kale. Mu 2023 mayina onsewa adapita m'manja mwa Authentic Brands Group ya ku America.

Kwa atelala a pakhonde ku Namadzi, omwe amalimbirana makasitomala ndi kaunjika wotchipa, mbiriyi ili ndi mbali ziwiri. Billabong idakula chifukwa woyiyambitsa ankadziwa bwino vuto la anthu omwe ankawasokera. Idagwa pamene idayamba kudalira ngongole kuposa msoko.