Wophunzira amene ali mu ambulansi: ndi ndani, ndipo amaloledwa kuchita chiyani?

Ambulansi ikanyamuka pa chipatala chaching'ono cha m'boma la Chimbonila kupita ku Hospital Provincial de Lichinga, kumbuyo kumakhala wodwala, m'bale wake mmodzi ndi namwino. Nthawi zina pamakhalanso mnyamata kapena mtsikana wovala zoyera amene akuoneka kuti ndi wamng'ono pa ntchito. Ameneyo ndi estagiário, wophunzira zaumoyo amene ali pa estágio, nyengo imene amachoka m'kalasi n'kukagwira ntchito pambali pa anthu odziwa kale.

Kuno ambulansi kawirikawiri siyendera makomo ngati m'mizinda ikuluikulu ya kunja. Ntchito yake yaikulu ndi kusamutsa wodwala amene chipatala chaching'ono sichingathe kumuthandiza: mayi amene mwana wakanika kubadwa, wotaya magazi atachira, mwana wa malungo aakulu, wovulala pa njinga yamoto. Amene amamuperekeza ndi namwino, namwino wa amayi ndi ana, kapena técnico de medicina geral. Choncho wophunzira amaphunzira za pamsewu kwa anthu amenewa.

Zambiri zimachitika galimoto isanalire. Wophunzira amaona mmene amalembera guia de transferência, kalata yonena matenda, mankhwala amene aperekedwa kale ndi nthawi yake. Amaona mmene amaikira soro pamkono, chifukwa kufunafuna mtsempha galimoto ikudumpha m'maenje ndi chinthu chovuta ngakhale kwa namwino wa zaka zambiri. Mayi wotaya magazi amabayidwa oxitocina kuti chiberekero chikokane. Woyembekezera amene akukomoka chifukwa cha kuthamanga kwa magazi amapatsidwa sulfato de magnésio. Wa malungo aakulu amalandira artesunato asananyamuke.

Panjira, ntchito ya wophunzira ndi maso ndi manja. Amawerenga kugunda kwa mtima ndi kapumidwe, amayang'ana kuti soro ikudontha bwino, amagoneka mayi woyembekezera chakumanzere, amatembenuzira wokomoka cham'mbali kuti masanzi asatseke mpweya. Khanda limaikidwa pachifuwa cha mayi ndi kufunditsidwa, pakuti chisanu cha kuno mu Juni ndi Julayi sichisekera mwana wobadwa kumene. Izi zimalembedwa m'mabuku, koma munthu amazigwira bwino akaziyesa pamsewu wamatope wa mu Febuluwale.

Wophunzira sasankha yekha mankhwala, sasaina kalata yosamutsira wodwala, ndipo sayenera kusiyidwa yekha ndi wodwala wodwalika. Udindo ndi wa namwino amene wamutenga. Mbale wa wodwala ali ndi ufulu wofunsa mwaulemu kuti wamkulu pa ulendowo ndi ndani. Kumukana wophunzirayo sikuthandiza kanthu: ndi iyeyo amene mawa adzakhale yekha usiku pa chipatala cha ku Lione.

Kutsidya kwa malire zinthu n'zosiyana pang'ono. Mu 2019 dziko la Malawi lidayambitsa gulu la ambulansi zothandiza pa ngozi za pamsewu wa M1 pakati pa Blantyre ndi Lilongwe, ndi nambala yoimbira ya 118, ndipo amene amakweramo adaphunzitsidwa mwapadera ntchito imeneyi. Ku Mangochi adayesanso ambulansi za njinga yamoto zonyamula amayi oyembekezera.

Kumudzi, munthu woyamba kuona wodwala nthawi zambiri ndi APE, agente polivalente elementar, ntchito imene idayamba mu 1978 ndi kudzutsidwanso mu 2010. Iye akati pitani kuchipatala, musadikire kuti kuche. Tengani khadi la sikelo kapena la mwana, mapepala a mankhwala amene wodwala akumwa, zitenje ndi bulangete. Uzani namwino zonse zimene wodwala wamwa kunyumba, ngakhale mankhwala azitsamba, ndi nthawi imene matenda adayamba. Mayi wokhala kutali ndi chipatala, masiku akayandikira, akadikirire ku casa de espera pafupi ndi chipinda chochiriramo.