Khirisimasi ya Ana M'masiku a Wenela

Mwa zikondwerero zonse za m'dziko la Malaŵi, Khirisimasi ndiyo imafika pa nthaŵi yovuta kuchita phwando. Imafika mvula itayamba, anthu ali pa kalikiliki kupalira, nkhokwe zitayamba kuonetsa pansi, chimanga cham'munda chikadali cholekeza m'maondo. Makolo akale sakadasankha mwezi wa Disembala kuti achitemo madyerero. Iwo ankadikira chilimwe, atatha kukolola, pamene chimanga ndi maŵere zinkakwanira kufululira moŵa. Apo ndi pamene ankavinira anamwali, kumanga maukwati, kulonga mafumu ndi kukumbukira akufa. Mwezi wa mvula zoyamba udali wa khasu, ndipo anthu akasonkhana, kaŵirikaŵiri kudali kukathira nsembe yopempha mvula, monga ankachitira ku Msinja ndi ku Khulubvi.

Komabe patangopita mibadwo iŵiri kapena itatu, tsiku lachilendoli lidasanduka tsiku limene mwana wa kumudzi ankaliŵerengera pa zala chaka chonse. Lidaloŵa m'banja kudzera m'njira ziŵiri. Yoyamba idali ya mishoni, imene idabweretsa nkhani ya tsikulo. Yachiŵiri idali ya ulendo wa kuntchito kunja kwa dziko, imene idabweretsa zovala, zakudya ndi misozi yake.

Amishoni a Livingstonia adafika ku Cape Maclear m'chaka cha 1875, ndipo a Blantyre adatsatira mu 1876. A Anglican adakhazikika pa chilumba cha Likoma mu 1885, a Dutch Reformed ku Mvera mu 1889, ndipo Akatolika adamanga ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902. Sikuti onseŵa ankaliona tsikuli mofanana. Kwa Akatolika ndi a Anglican lidali tsiku lalikulu la mapemphero. Koma amishoni a ku Blantyre ndi Livingstonia adachokera ku Scotland, kumene Chaka Chatsopano chinkalemekezeka kuposa Khirisimasi, kotero kuti Khirisimasi idakhala tchuthi cha boma kumeneko m'chaka cha 1958.

M'midzi yambiri oyamba kuidziŵa nkhani ya ku Betelehemu adali ana, pakuti ndiwo ankapita ku sukulu zazing'ono za udzu zimene mipingo idamwaza m'dziko lonse. Iwo ndiwo ankaloŵeza nyimbo, nakongoletsa tchalitchi ndi masamba a kanjedza ndi maluŵa akutchire. Pambuyo pake padabwera seŵero la kubadwa kwa Yesu, limene likuchitikabe m'mipingo yambiri. Abusa a nkhosa ankafunda masaka, Herode ankavala chisoti cha pepala, ndipo khamu linkaseka kwambiri pofika pa alembi a kalembera. Kusekako kudali ndi chifukwa chake. Anthu ankadziŵa bwino lomwe tanthauzo la boma lakutali lolemba maina a anthu, popeza msonkho udaŵafikira kale pakhomo.

Msonkho wa nyumba udayamba boma la Atsamunda litangokhazikika, m'zaka zoyambirira za m'ma 1890. Pofika 1902 udali masheleni 6, koma munthu wogwira ntchito kwa Mzungu mwezi wathunthu ankalipira 3. Ntchito za m'dziko muno zidali za malipiro ochepa, choncho amuna adayamba kuyang'ana kummwera. Ena ankapita okha, amene ankatchedwa aselefu, kuyenda pansi milungu ingapo kudzera ku Tete, kuwoloka Zambezi mpaka ku Salisbury, ku mafamu ndi ku migodi ya ku Southern Rhodesia. Ena ankalembedwa ndi bungwe la migodi ya golide ya ku Johannesburg, limene anthu adalitcha Wenela. Bungweli lidayamba kutenga anthu kuno mu 1903. M'chaka cha 1913 boma la South Africa lidaletsa kulemba anthu a maiko otentha chifukwa ambiri ankafa ndi chibayo, koma khomo lidatsekukanso m'zaka za m'ma 1930. Komiti imene Bwanamkubwa adaika mu 1935 kuti ifufuze nkhaniyi idapeza kuti anthu ngati 120,000 a dziko lino adali kunja. M'maboma ena a kumpoto ndi a m'mbali mwa nyanja, midzi idatsala ya amayi, ana ndi nkhalamba.

M'mudzi wotere, mwezi wa Disembala udali wolemera pa msana wa mayi. Ankalaŵira kumunda mwana ali kumbuyo, kupalira mizere imene anthu aŵiri akadagaŵana. Ufa ukachepa ankapita kukagwira ganyu m'munda wa mnzake, wakewo nkumera udzu. Ana nawo adali ndi gawo lawo. Mtsikana wa zaka 7 ankalera mng'ono wake ndi kutunga madzi, mnyamata ankaŵeta mbuzi kuti zingaloŵe m'minda ya eni. Chimene chinkaŵasunga anaŵa ndi zimene mvula imapereka mwaulere: mango, boŵa, bonongwe, ndi ngumbi zotola madzulo. Nsima inkaphikidwa kamodzi pa tsiku m'nyumba zambiri, ndipo mwana wolira njala masana ankamuloza ku mtengo wa mango.

M'kati mwa zonsezi maso a banja ankakhala kumseu ndi ku positi ofesi. Kalata yochokera ku Joni kapena ku Halale inkatenga milungu, ndipo ikafika mayi ankapita nayo kwa mphunzitsi kapena kwa mwana wasukulu kuti amuŵerengere. Motero zinsinsi za banja zinkadutsa pakamwa pa mwana wa zaka 10. Mukakhala ndalama m'kalatamo, ulendo udali wa ku sitolo ya Mandala kapena ya Mmwenye, kukagula mikono ingapo ya nsalu. Telala wa pakhonde la sitolo ankapalasa makina mpaka usiku pa sabata imeneyo. Ankasoka kabudula ndi deresi zokulirapo dala, kuti mwana akuliremo, pakuti chovala cha Khirisimasi chidayenera kufika Khirisimasi inzake.

Sikuti amuna onse ankabwera mu Disembala. Pangano la Wenela linkatha pa nthaŵi yake, chaka chimodzi kapena ziŵiri, posayang'ana mwezi. Koma aselefu ndi ogwira ntchito m'nyumba za Azungu, m'mahotela ndi m'mafakitale ankayesetsa kufika pa nyengoyi, ndipo kufika kwa mmodzi kunkagwedeza mudzi wonse. Ankatsika basi atavala jekete ndi chipewa, anyamata atamusenzera bokosi lachitsulo. M'bokosimo munkatuluka mabulangete, sopo, shuga, nsapato, nthaŵi zina galamafoni. Wochita bwino ankabwera ndi njinga kapena makina osokera. Komabe ambiri mwa ana a masiku amenewo, amene lero ndi agogo, amakumbukira chinthu china. Mwana amene adasiyidwa ali m'mimba kapena ali kumaŵere ankathaŵa mlendo wa nsapato zolirayo, nabisala kumbuyo kwa chitenje cha mayi wake. Ankachita kumunyengerera ndi switi kuti anene kuti "bambo". Pamene ankayamba kuzoloŵera kukhala pa miyendo yawo, bamboyo adali atayamba kale kumanga katundu.

Tsiku lenilenilo linkayamba kusanache. Ana ankasambitsidwa ndi kudzozedwa mafuta mpaka kuŵala. M'nyumba zimene zidatha kutero, m'maŵa munkakhala tiyi wamkaka ndi buledi, zinthu zimene mwana sankaziona masiku ena. Potuluka m'tchalitchi, fungo la mpunga linkamveka m'mudzi. Mpunga unkalimidwa ku Nkhotakota, ku Karonga ndi ku madambo a nyanja ya Chilwa, ndipo kwa anthu a kumtunda udali chakudya chogula, chodya kamodzi kapena kaŵiri pa chaka. Nkhuku inkaphedwa, kapena mabanja angapo ankasonkherana kugula mbuzi. Mwambo udali wakuti nthutumba ya nkhuku ndi ya mwini nyumba, ana nkulandira mutu, khosi ndi miyendo. M'nyumba imene bambo adali kutali, nthutumbayo inkapita kwa agogo kapena kwa atsibweni, ndipo ngakhale mwana wamng'ono ankaona kuti mbale ya bambo yapita kwina. Madzulo kunkakhala magule. Kumpoto ndi ku chigawo chapakati amuna ankavina malipenga ndi mganda atavala zoyera, magule otengera perete wa asilikali a nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ndipo amayi ankavina chioda. Ana ankayenda khomo ndi khomo kuonetsa zovala zawo, akumwa thobwa paliponse pamene afika.

Koma tsiku lomwelo linkaulula zimene masiku ena ankabisa. Pa masiku wamba ana onse ankafanana, onse opanda nsapato, onse ovala zigamba. Pa Khirisimasi zinkaoneka poyera kuti uyu bambo wake amatumiza, uyu bambo wake adaiŵala. Padali amuna amene adaleka kulemba makalata, nakwatira konko, osabweranso. Ameneŵa ankatchedwa matchona. Ena adafera m'migodi, ena adachita manyazi kubwera chimanjamanja, zaka nkumapita. Zidzukulu zawo zilipo mpaka lero ku Mbare ndi ku Highfield mu mzinda wa Harare, ndiponso m'midzi ya migodi ndi mafamu a ku Zimbabwe.

Chimene chidapulumutsa ana a matchona ndi mtundu. Kwa Acheŵa, Amang'anja, Ayao ndi Alomwe, kumene mwamuna amakakhala kwa mkazi, mwana ndi wa kuchikazi, ndipo atsibweni ake ali ndi udindo pa iye. Kumpoto, kumene mkazi amaloŵoledwa, abale a mwamuna ndiwo ankayenera kusunga ana a mbale wawo. Ndiponso m'midzi yambiri mabanja ankadyera pamodzi, amayi ndi ana pawokha, amuna pawokha, kotero kuti mpunga wa nyumba imodzi unkalaŵidwa ndi ana a nyumba zinayi. Mwambi wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe udali lamulo lenileni pa tsikuli. Mayi wodyetsa ana ake okha chitseko chili chotseka ankakambidwa kuchitsime mpaka chaka chitatha.

Lamuloli lidayesedwa koopsa pa njala ya 1949. Mvula idadula kumapeto kwa 1948 ndi kuchiyambi kwa 1949, makamaka ku chigawo cha kummwera, ndipo pofika Disembala wa 1949 njala idali itafika pachimake. Megan Vaughan, amene adafufuza mbiri ya njalayi m'boma la Blantyre nasindikiza buku lake mu 1987, adapeza kuti amayi ankaikumbukira ngati chaka chimene amuna ambiri adachoka kukafuna chakudya, ena osabweranso. Mkazi wolandira ndalama kuchokera kwa mwamuna wa kuntchito ankatha kugula chimanga. Wosiyidwa ndiye adavutika koposa pamodzi ndi ana ake, ndipo kudyera pamodzi kuja kudatha m'midzi yambiri, aliyense nkumadyera m'nyumba.

Chaka chomwecho cha 1949 kudatuluka wailesi yotsika mtengo yotchedwa Saucepan Special, yogulidwa mapaundi 5, imene inkagwira nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka. Pulogalamu ya Zimene Mwatifunsa inkaŵerenga moni wa anthu otalikirana, ndipo dziko litalandira ufulu mu 1964, wailesi ya MBC idapitiriza mwambo wopatsana moni. Kwa mwana, kumva dzina la mudzi wake likutuluka m'kabokosi kudali umboni wakuti wina kutali akuŵakumbukira.

Ulendo wa Wenela udakula kwambiri dziko litadzilamulira. Anthu ankanyamulidwa pa ndege mpaka ku Francistown m'dziko la Botswana, nkupitiriza pa sitima. Pofika 1973 Amalaŵi oposa 100,000 adali m'migodi ya ku South Africa. Gawo lina la malipiro awo linkasungidwa kuti adzalandirire kuno kumudzi, ndipo ndalama zimenezo zidafolera nyumba zambiri ndi malata ndi kulipirira ana sukulu. Tsono pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo Amalaŵi 74 obwerera kwawo adafa. Adali atatsiriza pangano lawo, katundu wa ana ali m'manja. Dr. H. Kamuzu Banda adaimitsa kulemba anthu nthaŵi yomweyo, ndipo m'zaka ziŵiri zotsatira amuna zikwizikwi adabwerera. M'midzi yambiri Khirisimasi ya 1975 ndi ya 1976 idapeza abambo ali pakhomo, koma ndalama za kumigodi zitaleka kubwera. Kulemba kudayambanso pang'ono mu 1977, bungwe lija litatenga dzina la TEBA, limene anthu amati Theba, ndipo kudatheratu mu 1988 pa mkangano wa kuyeza anthu kachilombo ka HIV.

Wenela adatha, koma mseu wa kummwera sudamere udzu. Lero anyamata, ndiponso amayi ambiri, amakwera basi kudzera ku Mwanza kapena ku Dedza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, ndipo mu Disembala mabasi omwewo amabwerera atalemedwa ndi katundu. Kalata ya milungu itatu idaloŵedwa m'malo ndi foni ya m'manja, ndipo mwana amatha kuona nkhope ya kholo lake ali pa khonde la agogo. Mpunga sulinso wachilendo monga kale, ndipo zovala za kaunjika zidachepetsa ntchito ya telala. Koma mwezi wa Disembala ukadali wa khasu ndi nkhokwe zopepuka, ndipo ku Mzimba, ku Nkhata Bay, ku Mangochi ndi kwina kukadali ana oleredwa ndi agogo, amene pa sabata ya Khirisimasi amathamangira kumseu akamva kulira kwa galimoto. Udindo umene atsibweni ndi anansi adasenza m'masiku a Wenela ukadali pa mudzi: kuonetsetsa kuti mwana amene galimotoyo yamupitirira asadye mango okha pamene anzake akudya mpunga.