Gloriosa: duwa longa malawi a moto la m'mapiri a Chiradzulu

Mvula ikakhazikika m'mwezi wa Disembala, m'mphepete mwa nkhalango ndi m'zitsamba za m'boma la Chiradzulu mumaonekera duwa lofiira ndi lachikasu lomwe limaoneka ngati malawi a moto. Akatswiri a zomera amalitcha Gloriosa superba, dzina lomwe Carl Linnaeus wa ku Sweden analipatsa mu 1753. M'Chingerezi amati flame lily.

Chomerachi chimaphuka kuchokera ku muzu wonenepa wooneka ngati mphanda, womwe umakhala pansi m'chilimwe chonse uku tsinde litauma. Mvula ikagwa, tsinde lowonda limatuluka ndipo limatha kutalika mamita atatu. Silitha kuima palokha. Nsonga ya tsamba lililonse imapindika ngati mbedza n'kukola udzu kapena nthambi, ndipo umu ndi mmene chimakwerera pa zitsamba zinzake.

Duwa lake lili ndi timasamba tisanu ndi kamodzi topindikira m'mwamba, tokhwinyata m'mbali. Likamayamba limakhala lobiriwira mosakanikirana ndi chikasu, ndipo limafiira pamene likukhwima. Agulugufe ndiwo amanyamula mungu wake. Maluwa akafota, pamabwera chipatso chomwe chimang'ambika n'kuonetsa njere zofiira.

Gloriosa imamera m'madera ambiri otentha a mu Africa ndi ku Asia. Imakonda dothi losasunga madzi, dzuwa lokwanira ndi tchire loti iyangepo. N'chifukwa chake imapezeka kwambiri pomwe nkhalango yathera ndipo udzu wayambira, monga m'mbali mwa phiri la Chiradzulu, lomwe limaonekera bwino kwa oyenda pa msewu wa Blantyre-Zomba.

Kukongola kwake kusanamize munthu. Chomera chonse, makamaka muzu ndi njere, chili ndi poizoni wotchedwa colchicine. Wodya muzuwo amamva kutentha m'kamwa, kenako amasanza ndi kutsekula m'mimba patangopita maola ochepa. Pakadutsa masiku, impso ndi ziwalo zina zimatha kuleka kugwira ntchito, ndipo opulumuka nthawi zambiri amasosoka tsitsi. Ku India ndi ku Sri Lanka anthu afapo atadya muzuwu pouyesa chilazi kapena mbatata. Choncho pa nthawi ya njala, pamene anthu amakumba mizu m'tchire, ngozi imakula. Wodya ayenera kupita naye kuchipatala msanga, osadikira zizindikiro. Ziweto nazo zimafa zikadya.

Komabe colchicine yemweyo, akayezedwa bwino ndi akatswiri, ndi mankhwala a nyamakazi ya mtundu wa gout. Alimi a ku Tamil Nadu, ku India, amalima chomerachi pofuna kugulitsa njere zake ku makampani a mankhwala. Ku Zimbabwe ndi duwa la fuko, ndipo malamulo amaliteteza.

Pali maluwa enanso a m'tchire omwe Azungu amawatchula ndi dzina la lily ngakhale ali a banja lina. Ena mwa iwo ndi a Thysanotus, omwe amamera makamaka ku Australia, ndipo adafotokozedwa ndi Robert Brown mu 1810. Maluwa awo ndi ofiirira, ali ndi mphonje m'mbali, ndipo eni nthaka a kumeneko ankadya mizu ya mitundu ina. Kufanana maina sikutanthauza kufanana mizu: ya Gloriosa siidyedwa konse.

Ku Chiradzulu malo omera duwali akucheperachepera. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 350,000 m'boma laling'onoli, ndipo minda yafika m'mbali mwa mapiri. Kudula mitengo kumachotsa zitsamba zomwe limayangapo, ndipo khasu limazula mizu yake. Woliona m'tchire alisirire ndi maso okha, asalikumbe, ndipo auze ana kuti njere zofiirazo si zipatso.