Milandu yogwiririra ndi njira ya chilungamo m'boma la Rumphi

Kugwiririra ndi kugona ndi munthu popanda chilolezo chake, pogwiritsa ntchito mphamvu, kuopseza kapena chinyengo. Malamulo a dziko la Malawi amati wopezeka wolakwa pa mlanduwu angathe kukakhala kundende moyo wake wonse. Kugona ndi mwana nakonso ndi mlandu waukulu, ngakhale mwanayo atavomera. Kuyambira mu 2017, malamulo aakulu a dziko amati mwana ndi aliyense wosafika zaka 18.

Kumene milandu imafera

Ngakhale chilango chili chokhwima, milandu yambiri imathera panjira isanafike kukhothi. Rumphi ndi boma la mapiri, ndipo chipatala chachikulu, polisi yaikulu ndi khothi la majisitireti zili pa Boma. Mayi wa ku Hewe, ku Phoka kapena ku Tchalo m'mphepete mwa nyanja amafunika ndalama yoyendera ulendo uliwonse umene waitanidwa. Mlandu ukaimitsidwa kawiri kapena katatu, iye ndi mboni zake amatopa n'kusiya kupita.

Kuchedwa kumawononganso umboni. Mankhwala a PEP oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo lipoti la chipatala limakhala lamphamvu munthu akapimidwa asanasambe komanso asanachape zovala. Wolakwira akakhala malume, bambo omupeza kapena mphunzitsi, achibale ena amati nkhaniyo ndi ya m'banja, amalandira mbuzi kapena ndalama n'kumuuza mwanayo kuti akhale chete. Mafumu alibe mphamvu yoweruza milandu yotereyi.

Nthawi zina olakwira amakhala osunga lamulo eni ake. Mu Okutobala 2019 amayi ndi atsikana a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu m'boma la Lilongwe anachitidwa nkhanza zogonana ndi apolisi. Mu Ogasiti 2020 Jaji Kenyatta Nyirenda wa Khothi Lalikulu analamula kuti 18 mwa iwo alandire chipepeso, pa mlandu umene bungwe la Women Lawyers Association linawaimira.

Njira zochepetsera nkhanzazi

Polisi ili ndi nthambi ya Victim Support Unit yolandira madandaulo mwachinsinsi, ndipo nambala yaulere ya 116 imathandiza ana. Pa zipatala zina, monga Mzuzu Central, pali One Stop Centre, pomwe wodandaula amaonana ndi achipatala, apolisi ndi alangizi pamalo amodzi. Chofunikanso ndi kuti makhothi azikazengera milandu kumidzi, mboni zizipatsidwa ndalama yoyendera, ndipo mwana azipereka umboni m'chipinda chapadera m'Chitumbuka chimene amalankhula kwawo. Mafumu, kuyambira kwa mfumu yaikulu Chikulamayembe mpaka kwa nyakwawa, ayenera kutumiza milanduyi kupolisi, ndipo anyamata aziphunzitsidwa kusukulu ndi kutchalitchi kuti mtsikana akakana wakana.

Wogwiriridwa alibe mlandu, ndipo ayenera kufika kuchipatala maola 72 asanathe.