Nthabwala ya njoka ndi dzina lomwe Bandawe anakana

Sabata yatha wina anaponya chithunzi pa gulu lathu la WhatsApp la anzathu a ku koleji. Mphika uli pamoto, mchira wa njoka ukusuzumira, pansi pake alemba kuti ndiwo za lero kwa anzathu a ku Mulanje. Anthu anafa nacho chiseko. Inenso ndinaseka, ndisaname. Koma mnzathu wina wa ku Phalombe anangotuluka pagulupo osatsanzika, mkangano n'kubuka: ena akuti ndi macheza chabe, ena akuti zanyanya. Poti ine ndine wa pa Thuchila, Mlomwe kuchimuna ndi kuchikazi komwe, onse anatembenukira kwa ine ngati ndine khoti. Usiku umenewo ndinasowa chonena. Ndikuyankha lero, ndipo ndiyambira kutali, mundipirire.

Nthabwala ya njokayi ndi yakale kuposa agogo anga. Makolo athu ambiri anachokera ku Mozambique, kum'mawa kwa phiri la Mulanje ndi nyanja ya Chilwa. Anayamba kulowa mwaunyinji cha m'ma 1890, kuthawa msonkho, ntchito yokakamiza ya Apwitikizi komanso njala. Kalembera wa atsamunda wa 1921 anawapeza oposa 120,000, ndipo pofika 1945 anali pafupifupi 380,000. Anafika opanda munda, opanda mfumu yowayankhulira. Azungu a m'maesiteti a ku Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu anawalandira ndi manja awiri, osati mwa chikondi ayi, koma poti munthu wopanda kwawo sakana ntchito. Ndiye thangata uja: umakhala pa malo a mzungu, lendi yake n'kukhala thukuta lako.

Dzina lomwe ankawaitanira, m'mabuku a boma ndi m'midzi momwe, linali loti Anguru. Dzinali silinkayenda lokha. Linkanyamula katundu: obwera, osadziwa kuyankhula, odya chilichonse chokwawa. Ndipo apa ndi pomwe ndikufuna muime pang'ono. Kuseka kumeneko kunali ndi ntchito yake. Munthu ukamusandutsa choseketsa, kumulipira zochepa sikukupwetekanso mumtima, kumumana malo sikuonekanso ngati nkhanza. Amene ankasekedwawo sankaona choseketsa. Mu Januwale 1915, pomwe anthu a John Chilembwe anakapha William Jervis Livingstone pa esiteti ya ku Magomero, ambiri mwa otsatira ake anali omwewa, otopa ndi thangata.

Ena anasankha njira ya phee. Anasiya chilankhulo chawo, ana awo n'kukula akudzitcha Anyanja kapena Ayao. Agogo anga aakazi ankayankhula Chilomwe pa nthawi ziwiri zokha: akamakalipira nkhuku, ndi akamanena zoti ife ana tisamve. Ine, ndi digiri yanga yonseyi, ndimangodziwa moni basi. Mukandifunsa chomwe nthabwala ingamulande munthu, ine inandilanda lilime la agogo.

Munthu mmodzi anati ayi, zakwana. Lewis Mataka Bandawe, wobadwira ku Mozambique, anaphunzira ku Blantyre Mission, anagwira ntchito yomasulira Chipangano Chatsopano m'Chilomwe, ndipo pambuyo pake anali womasulira ku khoti lalikulu ku Blantyre. Mu 1943 anatsogolera kukhazikitsa bungwe la Alomwe, ndipo chimodzi mwa zomwe analimbana nazo chinali dzina lija. M'zaka zomwezo boma la atsamunda linavomera kulisiya n'kuyamba kulemba kuti Alomwe. Taganizani: munthu womasulira mawu tsiku ndi tsiku kukhoti, wodziwa kuti liwu limodzi lingamange kapena kumasula munthu, anaona kuti nkhondo ya dzina ndi yoyenera kumenya. Palibe akanamuuza kuti bambo, ndi macheza chabe.

Mpaka apa mwina mukuti ndagamula kale mlandu. Ayi ndithu. Vuto ndi loti ine ndinakulira kumudzi komwe anthu amaseka pamaliro penipeni.

Pa maliro a agogo anga aamuna, bokosi lili pabwalo, azimayi a mvano akuimba, mdzukulu wina anatulukira atavala jekete ya malemuwo. Anayamba kuyenda motsimphina ngati iwo, kutsokomola ngati iwo, n'kumafunsa amalume kuti ngongole ya kachasu alipira ndani tsopano. Ine nditangobwera kumene kuchokera kutauni ndinachita manyazi, ndimati wina amuletsa. Nditacheuka ndinapeza amayi anga akuseka, misozi ili chuchuchu. Palibe nthabwala yakuda kuposa imeneyo, kuseka munthu ali m'bokosi pamaso pa ana ake. Koma palibe anadandaula.

Chifukwa chake ndinachimvetsa madzulo, nditaona manja a mnyamatayo ali matuza okhaokha. Adzukulu aja anali atakumba manda kuyambira mbandakucha. Ndiwo ananyamula bokosi, ndiwo anakwirira. Ndipo zovuta zikadzagwa kwawo, ife ndi amene tidzagwire khasu, iwo akulira, ife tikuwaseka. Ku Zambia Angoni ndi Abemba, omwe makolo awo ankamenyana nkhondo, ali ndi chibale chotere chomwe amachitcha chimbuya: amanyozana, amapakana ufa pamaliro, koma onyozawo ndi omwe amathamanga ndi ntchito ya pamaliropo. Chilolezo chotukwana chimabwera pamodzi ndi khasu, ndipo chimayenda uku ndi uku.

Ndiye kwa ine funso si lakuti nkhani yake ndi yotani, kaya imfa, kaya mtundu, kaya matenda. Ndimafunsa kuti woseka uja, zikavuta, adzakhalapo? Nanga wosekedwayo ali ndi mpata wobwezera? Mzungu wa pa esiteti ndi kapitawo wake ankaseka Mnguru, Mnguru sakanabweza. Nthabwala ya njoka yomweyo amalume anga amaikamba bwino kuposa wina aliyense, mpaka kutchula ndi zokometsera zake, ndipo timagubuduka nayo. Mawu ndi omwewo, pakamwa ndi posiyana.

Mu 2017 ndinaona mbali ina ya nkhaniyi. Mphekesera ya anamapopa itabuka ku Mulanje mu Seputembala, n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo mpaka Blantyre, ine ndinali kusukulu. Mafoni anadzaza ndi zithunzi zoseketsa za anthu a kwathu, osaphunzira, oopa mithunzi yawo. Nthawi yomweyo amayi ankandiimbira kuti anthu akugona panja m'magulu, misewu yatsekedwa ndi anyamata a zibonga, mlendo aliyense ndi wokayikitsa. Anthu osachepera 8 anaphedwa poganiziridwa kuti ndi opopa magazi, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi Phalombe. Kwathu nakonso anthu ankaseka, eti, ankanenana kuti iwe ndi kuonda kwakoko namapopa angapezemo chiyani. Koma ankaseka ali limodzi pa mphasa imodzi ya mantha. A kutauni ankaseka atakhoma zitseko, data ili full.

Pali amene anganditsutse, ndipo ali ndi mfundo. Ati Alomwe a lero si a 1921. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti ndife mtundu wachiwiri kukula m'dziko muno. Bingu wa Mutharika analowa ku State House mu 2004, mng'ono wake Peter mu 2014, ndipo Mulhako wa Alhomwe umasonkhanitsa chinamtindi cha anthu pa Chonde, pafupi pomwepa. Kuseka wamphamvu n'kololedwa, ndipo ine ndingakhale woyamba kuteteza ufulu umenewo, poti tikudziwa zomwe zinkachitika nthawi ya Kamuzu munthu akaseka molakwika. Koma chithunzi cha mphika chija sichinkaseka nduna. Chinkaseka mayi wothyola tiyi, yemwe sanaonepo ndi geti lomwe la State House. Komanso tisadziyeretse: ife omwe tili ndi nthabwala zathu za Asena, za Atumbuka, ngakhale za abale athu a ku Milange omwe anatsala kutsidya kwa malire pomwe agogo athu ankaoloka. Zimenezo ndazisekapo kambirimbiri, ndipo maliro a Msena sindinakumbepo ndi amodzi omwe.

Mnzathu wa ku Phalombe uja sanabwererebe pagulu. Amene anaponya chithunzi uja wandipempha kawiri konse kuti ndikamupepesere, akuti ine ndi mtundu wanga tikamvana msanga. Ndamuuza kuti nambala ali nayo, aimbe yekha. Mpaka dzulo anali asanaimbe.