Makoma a ku Cusco ndi Eni Ake Awiri

Anzanga, ambirife mbiri yakale tinkailoweza pamtima pofuna kukhoza mayeso: chaka chakuti mfumu yakuti inagonja, ufumu wake nkuthera pomwepo. Koma munthu akafika mumzinda wa Cusco, m'mapiri a Andes m'dziko la Peru, amadzionera yekha kuti nkhani siitha msanga chotero. Kumeneko khoma limodzi limakhala ndi eni ake awiri: miyala ya m'munsi anayala ndi a Inca, ya pamwamba anaika ndi anthu a ku Spain amene anawagonjetsa.

Mzindawu uli pamalo okwera mamita pafupifupi 3,400, kuposa nsonga ya Sapitwa ku Mulanje, kotero kuti mlendo tsiku loyamba amangopuma wefuwefu. Pano ndiye panali likulu la ufumu wa Tawantinsuyu, kutanthauza zigawo zinayi, umene unayambira kumalire a Ecuador ndi Colombia wa lero mpaka pakati pa Chile. Mfumu Pachacuti, imene inalowa ufumu cha m'ma 1438, ndiyo inamanganso mzindawu ndi miyala.

Malo oyamba kuwaona ndi Qorikancha, kachisi wa Inti, mulungu wao wa dzuwa. Amisiri a Inca analibe zida zachitsulo, koma ankasema mwala pougogoda ndi mwala unzake wolimba mpaka miyala iwiri igwirane popanda dothi kapena laimu, moti ngakhale nsonga ya mpeni siilowa pakati pake. Makoma ankawapendeketsa pang'ono cha mkati, ndipo makomo ankakhala otambalala kunsi, opanikiza kumwamba. Makoma ena a kachisiyu anali okutidwa ndi golide.

Golideyo ndi amene anaitana tsoka. Mu November 1532, Francisco Pizarro ndi anthu ake 168 anagwira mfumu Atahualpa ku Cajamarca, dziko litangotuluka m'nkhondo ya pachiweniweni pakati pa Atahualpa ndi mbale wake Huáscar. Mfumuyo inalonjeza dipo la chipinda chimodzi chodzaza golide ndi ziwiri za siliva, ndipo wina mwa golideyo anachita kumukanganula pa makoma a Qorikancha. Dipo linaperekedwa, komabe mu July 1533 mfumu inaphedwa, ndipo mu November chaka chomwecho adaniwo analowa mu Cusco.

Malo a kachisi anapatsidwa kwa ansembe a chipani cha Dominiko, ndipo iwo anamanga tchalitchi cha Santo Domingo pamwamba peni peni pa makoma akale. Uthenga wake unali wosachita kufunsa: chipembedzo chatsopano chakhalira chakale. Koma m'chaka cha 1650 kunachita chivomezi chachikulu chimene chinagwetsa tchalitchicho pamodzi ndi nyumba zambiri za atsamunda. Anachimanganso, ndipo mu 1950 chivomezi china chinachiphwanyanso. Maulendo onse awiri makoma a Inca anangoima nji, pakuti miyala yopanda chomatira imagwedera nthaka ikamagwedezeka, kenaka nkukhazikikanso m'malo mwake. Chivomezi chachiwirichi chinaika poyera makoma ena akale amene anali atabisika kwa zaka mazana.

Mukakwera phiri la kumpoto kwa mzinda mumafika pa mabwinja a Sacsayhuamán, pomwe pali mipanda itatu yokhotakhota ya miyala, ina yolemera matani oposa 100. Apa panamenyedwa nkhondo yoopsa mu 1536, pamene Manco Inca anazinga Cusco pofuna kulanda mzinda wa makolo ake, koma sanathe. Pambuyo pake atsamunda anasandutsa malowa mgodi wa miyala. Imene ikanatheka kunyamulika anaitsitsira kumzinda, ndipo yambiri inathera pa tchalitchi chachikulu cha bishopu, chimene anayamba kumanga cha m'ma 1560 pamalo pamene panali nyumba ya mfumu Viracocha, nkudzachimaliza mu 1654. Yotsala paphiripo lero ndi imene inawakanika.

Mkati mwa tchalitchi chimenechi ndimo muli phunziro lina. Chithunzi cha Mgonero Womaliza chimene anajambula Marcos Zapata, mmisiri wa konko wa zaka za m'ma 1700, chikuonetsa Yesu ndi ophunzira ake atazungulira mbale, ndipo m'mbalemo muli kanyama ka m'mapiri momwemo kamene ambiri amati ndi mbira, ndiwo ya paphwando kwa anthu a ku Andes. Mulinso mtanda wokhala ndi Yesu wakuda, wotchedwa Señor de los Temblores, Ambuye wa Zivomezi, amene anthu amakhulupirira kuti ndiye analetsa chivomezi cha 1650. Chaka ndi chaka, Lolemba la Sabata Yoyera, amamunyamula m'misewu akumuwaza maluwa ofiira. Ogonjetsedwa aja analandira chikhulupiriro cha alendo, koma anachiveka zovala zakwao.

Tisaiwale kuti zonsezi zinadza ndi mwazi. Pabwalo lalikulu la kutsogolo kwa tchalitchichi ndi pomwe anaphera Túpac Amaru, mfumu yotsiriza ya a Inca, mu 1572. Pomweponso, pa 18 May 1781, anapha Túpac Amaru II, amene anatsogolera anthu kuukira misonkho ndi thangata la m'migodi, atayamba amuonetsa imfa ya mkazi wake Micaela Bastidas ndi mwana wao.

Ngakhale zinatero, chinenero cha Quechua chikuyankhulidwabe m'misika ya Cusco, ndipo chikondwerero cha dzuwa cha Inti Raymi, chimene atsamunda analetsa, chinayambiranso mu 1944 ndipo chimachitika pa 24 June. Bungwe la UNESCO linaika mzindawu m'gulu la malo osungidwa a dziko lonse mu 1983.

Tsono anzanga, amene mudzapeze mwayi wokafika kumeneko, musadzangoyang'ana nsanja za matchalitchi kumwamba. Mudzayambe mwawerama, muone chimene chazinyamula.